Theka la Muyezo pa Chulu cha a Nkhoma

Ana anga, kwa zaka zonsezi mwakhala mukundiseka kuti ndine munthu wa ku Ntcheu wamtundu wanji wosadya ngumbi, ndipo ine ndakhala ndikukuyankhani kuti zimandiyabwa kukhosi. Limenelo linali bodza. Tsopano poti maondo akana ntchito ndipo nthawi ndili nayo yambiri kuposa nzeru, ndati ndilembe za ntchito imene ndinkagwira ku Joni, ija munkangoidziwa ndi mawu oti adadi amapopera tizilombo. M'kati mwa nkhaniyi muli mwana wamkazi dzina lake Esinala, ndipo ndi chifukwa cha iyeyo ndagwira cholembera. Za ubwana wanga sindilemba, munazimva kale mpaka kukhuta nazo.

1992: Isando

Ndinafika ku Joni mu Meyi 1992, chaka chimene chilala chinapsereza minda kwathu. Esiteti ya ku Kasungu kumene ndinkasamala nkhokwe za chimanga inatichotsa tonse, poti munalibenso choti tisamale. Amayi anu ndinawasiya ku Ntcheu ali ndi inu awiri oyamba. Miyezi iwiri ndinagona pansi m'chipinda cha mnzanga ku Boksburg, masana ndikuyenda wapansi kugogoda mageti, mpaka tsiku lina ndinalowa pa kampani ina yaing'ono ku Isando, kufupi ndi bwalo la ndege, yopopera tizilombo m'nyumba ndi m'mashedi a katundu. Mwini wake anali mzungu wamfupi, wofiira khosi, amene Azulu ogwira ntchito pamenepo anamutcha Mashesha, chifukwa mawu oti "shesha," kutanthauza fulumira, sankachoka pakamwa pake ngakhale munthu uli kuchimbudzi. Sanandifunse za sukulu. Anatapa chimanga m'thumba, n'kuchimwaza patebulo, n'kundifunsa m'Chifanakalo, chilankhulo chosakaniza cha kumigodi, ngati chinali chabwino. Njerezo zinali zoyera bwino, zopanda bowo. Ndinasankha imodzi yopepuka n'kuiswa ndi mano, ndipo m'kati munali kamphutsi koyera katadzipinda. Ndinamufotokozera m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti nankafumbwe wamkazi amaboola njere, amaikiramo dzira limodzi, kenaka n'kumata pabowopo mwaluso moti diso silingaone. Kamphutsiko kamadya ufa wa m'kati mwakachetechete, ndipo pakatha mwezi kamatuluka kali nankafumbwe wathunthu, kusiya chikhungwa chokha. Mashesha anaseka n'kunena kuti, "Wena yazi," kutanthauza kuti iwe ukudziwa. Za mapepala anga sanafunse n'komwe. Ine ndinathokoza Mulungu chifukwa cha mzungu wachifundo, osadziwa kuti kusafunsako ndicho chingwe chimene adzandimangire nacho. Ntchito ndinayamba mawa lake.

Chaka choyamba ndinachithera m'mashedi a Isando. Tinkafunditsa milu ya matumba a mpunga, nyemba ndi chakudya cha agalu ndi malona akuluakulu, kuponyamo mapiritsi otulutsa mpweya wakupha, n'kupsinja m'mphepete ndi mchenga. Zotchingira mphuno zinali ziwiri, ife tinali asanu ndi mmodzi. Amene wafika mochedwa ankamanga mpango wonyowa kukamwa n'kumapemphera. Magolovesi akang'ambika unkauzidwa kuti mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawa wa Mashesha sunkafika. Chimene sichinkasowa ndi mkaka. Madzulo aliwonse ankatipatsa kapu imodzi imodzi, amati umatsuka poizoni m'thupi, ndipo ife tinkamwa mokhulupirira ngati mgonero. Mutu unkandiwawa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, chakudya chinkamveka ngati ndikutafuna chitsulo, koma m'makalata a kwa amayi anu ndinkalemba kuti ndili bwino ndipo ntchito ndi yopepuka.

1993–1994: Boksburg

Mashesha ataona kuti tizilombo ndimatidziwa, anandichotsa m'mashedi n'kundiika pa galimoto yoyendera nyumba za anthu, mahositelo ndi makhitchini a malo odyera ku Boksburg ndi Edenvale. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti palibe nyumba yopanda alendo ake. Mphemvu sikonda poyera. Imafuna pofunda, ponyowa ndi pothina, kuseri kwa firiji, m'kati mwa wailesi, pansi pa sinki. Yaikazi imayenda ndi kachikwama ka mazira kumchira, ndipo kachikwamako n'kolimba moti mankhwala salowa. Ukapopera lero amayi amafa, koma pakatha masabata angapo ana amaswa, ang'onoang'ono ngati nthanga za mpiru, n'kuyambiranso pamene makolo analekezera. Ndinauza Mashesha kuti tizibwerera kachiwiri tisanawerenge kuti ntchito yatha. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Ukapha mazira, Mbewe, mawa udya chiyani? Asiye aswe, madamu aimbanso foni." Kenaka anaseka, ine n'kuseka nawo, chifukwa bwana akaseka wantchito sasunga mano.

Nsikidzi ndiye zinandiphunzitsa kudekha kwake. Kanthu kameneka kamatha kukhala miyezi ndi miyezi osayamwa magazi, kataphwa ngati pepala mumsoko wa matiresi kapena mumng'alu wa bedi, kudikira kuti munthu wofunda abwere. Ungatseke chipinda dzinja lonse, tsiku limene wagonamo mlendo zimadzuka. Kuhositelo anthu ankati zinabwera ndi makwerekwere, kunena ifeyo alendo, ndipo ankanena ine ndili pomwepo ndi pampu kumsana ndikuwachotsera. Madamu wina ku Boksburg anaumirira kuti zabwera ndi mtsikana wake wantchito wa ku Chipata. Ine ndinazipeza zitaunjikana m'bedi lakale limene madamuyo anagula yekha pamsika wa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, pamene m'kachipinda ka mtsikanayo munalibe ngakhale imodzi. Ndinapopera, ndinapinda mapaipi anga, sindinanene kanthu. Mtsikanayo anachotsedwa ntchito sabata yomweyo. Ndikulemba izi kuti muone kuti kukhala chete sindinakuyambire pa Esinala, ndinali nditakuzolowera kale.

Kuseri kwa yadi yathu ku Isando kunali migolo inayi yakuda, mapepala ake a dzina atapalidwa ndi mpeni. Amenewo anali mankhwala a chiswe. Boma linali litaletsa kale mtundu umenewo chifukwa suwola m'nthaka ndipo ukalowa m'thupi umakhazikika m'mafuta osatuluka, koma Mashesha anaupeza kwa mlimi wina amene ankafuna kuutaya. Ukathira kamodzi chiswe sichinkabweranso, ndiye makasitomala ankamutama. Kiyi wa kumigoloko anandipatsa ine ndekha, nandilozera chala pamphuno. "Lo muti, haikona khuluma, za mankhwala awa usauze munthu. Wina akafunsa, uziti ndi mankhwala wamba a kusitolo." Ndinadzimva kukhala munthu wodalirika. Posuntha migoloyo tsiku lina ndinaona kuti wa kukhoma unatsala ndi theka la pepala lake kumbuyo kumene mpeni sunafike, dzina likuwerengeka bwinobwino. Ndinaubwezera momwe unalili.

Seputembala 1995: Edenvale

Lamulungu lililonse ife a kumudzi tinkapemphera m'galaja ina ku Boksburg, anthu okwana mabenchi anayi. Mmodzi wa akulu ampingo anali a Nkhoma a ku Mchinji, munthu wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, amene ankagwira ntchito ya m'gadeni pa nyumba ina ku Edenvale. Akazi awo, a Nachisale, ankagwira m'nyumba momwemo, ndipo ankakhala m'kachipinda ka kuseri ndi mwana wawo mmodzi yekha, Esinala, wa zaka zinayi, amene anam'peza atadikira nthawi yaitali. A Nkhoma ankadziwika ndi chinthu chimodzi. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa ankabwera kutchalitchi ndi timaphukusi ta nyuzipepala, m'kati muli ngumbi zokazinga, zothira mchere, n'kugawira aliyense. Muyenera kumvetsa, ana anga, kuti munthu amene watha zaka akudya buledi ndi mapazi a nkhuku kudziko la eni, akaika ngumbi pakamwa amakhala wafika kwawo. Ndinaonapo bambo wa ndevu zoyera akulira misozi chifukwa cha kaphukusi kameneko. Kumene ankazitenga sankanena, ndipo ife tinkawaseka kuti ali ndi chulu m'sutikesi.

Ndinadziwa chinsinsi chawo m'mawa wina wa Seputembala, fumbi lili tolo, mvula isanayambe. Mashesha ananditsitsa pa geti ina ku Edenvale ndi zigubu ziwiri za mankhwala a m'migolo yakuda, nati madamu wapeza timizere ta dothi tikukwera chitseko cha galaja, ndifufuze kumene chiswe chikuchokera ndichiphe, iye abwera masana kudzaona. Wotsegula geti anali a Nkhoma. Atandiona nkhope yawo inagwa. Sanandivutitse kufufuza. Ananditengera kumapeto kwa gadeni, kuseri kwa mulu wa manyowa, n'kukankha udzu wouma umene anaunjika dala pa chitsa cha mtengo. Pansi pake panali chulu chachifupi, chotambalala, chosafika n'komwe m'bondo. Zaka zisanu ankachibisa kwa madamu, kuchithirira madzi m'chilimwe ndi kuchiponyera tinkhuni kuti chiswe chisapite kunyumba.

"Achimwene," anatero, "ichi ndiye chuma changa kuno. Ngumbi zakhwima kale m'katimu, zikungodikira mvula. Mwezi umodzi basi. Simungachisiye?"

"A Nkhoma, mzungu wanga abwera masana. Amatokosa dothi ndi ndodo n'kununkhiza. Akapeza palibe fungo, ine yanga yatha."

"Eish. Nanga chiswe cha kugalajako n'cha pano? Mwina n'cha kwa aneba."

"N'cha pano. Inunso mukudziwa."

A Nkhoma anati, "Esinala wayamba kale kufunsa kuti mvula ibwera liti. Chaka chatha ankazithamangitsa ndi kabeseni."

Za chiswe ndinkazidziwa kuposa mzungu amene ankandilipira. Pansi pa chulu, m'kachipinda ka dothi lolimba, mumakhala manthu, mayi wa onse, wonenepa ngati chala chachikulu cha kumwendo ndi kupitirira, amene sayenda, ntchito yake kuikira mazira usana ndi usiku. Chiswe chantchito chimatuta udzu ndi nkhuni, n'kulima bowa wake m'timinda ta m'kati. Agang'a, aja a mitu yofiira, amalondera makomo. Ndipo pali ana ena osankhika amene amaleredwa miyezi yambiri osagwira ntchito, kumangodyetsedwa mpaka anenepe ndi kumera mapiko. Amenewo ndiwo ngumbi. Mvula yoyamba ikafewetsa nthaka zimatuluka zonse pamodzi, kuuluka pang'ono, kuthothola mapiko, yaimuna n'kutsata yaikazi kukakumba mudzi watsopano. Chinthu chimene ndinkachidziwa bwino koposa ndi ichi: m'chulu palibe amene amadya yekha. Chiswe chimadyetsana pakamwa ndi pakamwa, chimanyambitana. Chimene chalowa mwa mmodzi chimafika kwa onse, ndipo chimathera mwa onenepa aja.

Panali njira ziwiri zoongoka. Ndikanathira muyezo wonse, chulu chikanafa, ngumbi sizikanatuluka, a Nkhoma akanandikwiyira mwezi umodzi n'kuiwala. Ndikanathira madzi okha, ngumbi zikanakhala zabwino, ine n'kukaonana ndi Mashesha. Ine ndinafuna kukondweretsa onse awiri. Ndinauza a Nkhoma kuti akanditungire madzi kumpopi wa kutsogolo, ndipo ali komweko ndinasungunula mankhwala osakwana theka la muyezo, ongokwanira kuti fungo limveke, n'kuwathira m'mabowo a pamwamba. Otsalawo ndinakathira m'mphepete mwa galaja. Ndinadziuza kuti mankhwala ochepa chotero athera pamwamba, safika kumene kuli ngumbi. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma tsiku limenelo ndinadziona wochenjera kwambiri.

A Nkhoma atabwera ndi ndowa anapeza dothi lanyowa kale. "Mwathira madzi okha?" anafunsa motsitsa mawu.

"Chulu chanu sichifa," ndinayankha.

Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Fungo analimva, koma ndinati likuchokera kugalaja ndi m'zovala zanga. Masana Mashesha anabwera, anatokosa, ananunkhiza, anauza madamu kuti zatheka. A Nachisale anandiphikira tiyi wa mkaka, ndipo Esinala anandibweretsera atagwira kapu ndi manja awiri, akuyenda pang'onopang'ono kuti asataye.

Okutobala 1995

Mvula inagwa Lachisanu lina kumapeto kwa Okutobala, ya mabingu, ija ya ku Joni yobwera masana ngati yakwiyira munthu. Itakata, dzuwa likupendeka, ndinaona ngumbi zikuuluka pa msewu wa ku Isando, mbalame zikuzithamangitsa. Ndinali nditayembekeza mwakachetechete kuti mwina chulu chija chinafa ndithu. Sichinafe. Lamulungu a Nkhoma anafika kutchalitchi akumwetulira, chikwama chili chodzaza. Anati chaka chino zatuluka zochepa ndipo zina zimagwa zisanauluke, koma zakwanira. Kaphukusi kanga kanali kakakulu kuposa ka wina aliyense. "Aka n'ka mwini chulu," anandinong'oneza.

Ndinatsegula. Zinali zonona, zofiirira bwino, mchere uli mbuu. Anzanga ankatafuna pomwepo, kuseka, kunyambita zala. Ine ndinatenga imodzi, ndinaifikitsa pamlomo, dzanja linakana. Ndinapindanso pepala n'kuika m'thumba la jekete, ndikunena kuti ndikadyera kunyumba ndi nsima. Pa benchi ya azimayi Esinala anali pamiyendo pa mayi ake, atatsamira pachifuwa ngati watopa, akutola ngumbi imodzi imodzi pa kansalu. A Nachisale anati wakhala akudya kuyambira Lachisanu, chakudya china akukana, ndipo m'mawa anasanza pang'ono chifukwa cha dyera. Ndinamva mawu amenewo. Ndinali pa mtunda wa mapazi atatu. Ndikanangotambasula dzanja n'kuchotsa kansaluko. Koma ndikanati chiyani pamaso pa mpingo wonse? Tinaimirira kuimba nyimbo yotsekera, ndipo ine ndinaimba nawo. Pobwerera ndinaponya kaphukusi kanga mu ngalande pafupi ndi pokwerera matekisi.

Lolemba m'mawa foni ya ku ofesi inalira, Mashesha nandikodola kuti ndi yanga. Anali a Nkhoma, akuimba kuchokera kuchipatala. Esinala anayamba kugwa ngati wakhunyu Lamulungu madzulo, thupi lonse kugwedezeka, maso kutembenuka, ndipo zinkabwerezabwereza. Akuluakulu ena amene anadya anangomva mutu ndi nseru, koma mwanayo sankadzidziwa.

"Adokotala akufunsa ngati wadya chinthu cha poizoni," anatero. "Ndawauza za ngumbi, koma ndati pachulu paja panathiridwa madzi okha. Ndiye akuti mwina ndi malungo a m'mutu kapena matenda oumitsa khosi, akumuyeza zimenezo. Ndi madzi okha, eti achimwene?"

Mashesha anali pa tebulo lake, mkono umodzi kuchokera pamene ndinaima, akulemba. Ndinati, "Eya."

Masana ndinalimba mtima n'kumuuza Mashesha zonse. Sanakalipe. Anatseka chitseko, anandiuza kuti ndikhale pansi, chinthu chimene anali asanachitepo. Anati anthu odya tizilombo ta m'gadeni asamadabwe akadwala. Anati wathira mankhwala ndine, wosatsata muyezo ndine, ndipo iye migolo yakuda saidziwa. Kenaka anafunsa mofatsa funso lija sanafunse mu 1992: "Mapepala ako ali kuti, Mbewe?" Anati foni imodzi yokha, ndikagona m'chitokosi, ndipo ngati mwanayo afa mlandu wake si wongokwezedwa galimoto kubwerera kwanu ayi. Ndinaganiza za inu. Ndinaganiza za amayi anu, za nyumba ya ku Ntcheu imene inali itafika pa mawindo. Sindikunena izi kuti ndikusenzetseni katundu wanga. Mantha anali anga, ndipo ndinangowaveka nkhope zanu kuti aoneke bwino.

Lachiwiri ndinapita kuntchito monga mwa masiku onse. Ndinapopera mphemvu m'khitchini ya malo ena odyera ku Boksburg, ndinasuntha mafiriji, ndinasesa zakufa. Ndinkadziuza kuti madokotala ndi anthu ophunzira, apeza okha. Ndinkadziuza kuti ana amadwala n'kuchira. Tsiku lonse lathunthu linapita choncho, ndipo pa masiku onse a moyo wanga limenelo ndi limene ndimadana nalo.

Lachitatu m'mawa ndinafika ku yadi anzanga asanabwere. Ndinagubuduza mgolo wa kukhoma uja, ndinamatula theka la pepala lija ndi lezala, n'kuliika m'Baibulo langa laling'ono. Kiyi ndinamusiya pachitseko. Ndinakwera matekisi awiri kukafika kuchipatala. A Nachisale anali atakhala pansi m'khonde, miyendo atatambasula, chitenje chili kumutu. Esinala ndinamuonera pagalasi, kathupi kakang'ono pakati pa mapaipi. Dokotala anali mayi wachitsikana wa Chimwenye, wa maso otopa. Anawerenga pepalalo, anandiyang'ana, anathamangira ku foni. Atabwerako analamula anamwino kusintha mankhwala, kenaka anandikokera pambali.

"Mwadziwa liti zimenezi?"

"Lero," ndinanama.

Sanandikhulupirire, koma analibe nthawi yotaya pa ine. Anangoti poizoni wa mtundu umenewu alibe mankhwala omusukulutsa, chimene akanachita n'kuletsa kugwako msanga ndi kusiya kutaya masiku kufunafuna matenda amene panalibe. Esinala anamwalira Lachinayi dzuwa litangotuluka. Dokotalayo anandiuza pambuyo pake kuti palibe angalumbire kuti ndikanabwera Lolemba mwanayo akanachira. Mawu amenewo ndayesa kuwafunda zaka zambiri, safunditsa.

Novembala–Disembala 1995

Sitinathe kumutengera kwathu. Tinamuika m'manda a ku Joni konko, kumzere wa ana, dothi lofiira lodzaza miyala. Ntchito yanga ku Isando inali itatha kale. Anthu a boma atapita ku Isando anapeza migolo kulibe, pamalo pake patatsukidwa, ndipo ovolosi yanga Mashesha anaiponya kunja kwa geti. Apolisi sanawaitane, ndikuganiza kuti ankaopa zimene ndikananena, koma ndinasamukabe chipinda kawiri mwezi umenewo. Patapita nthawi ndinalowa kampani ina yaikulu yotsata malamulo, kumene ndinagwira mpaka kupuma, koma zimenezo si za mutu uno.

Chimene sindinachiyembekeze ndi chimene a Nkhoma anachita kumanda. Iwo anali atamanga kale nkhani yawo m'mutu: kuti ine ndinathira madzi monga tinagwirizana, koma mzungu uja anabwereranso tsiku lina iwo atatumidwa kusitolo, n'kuthira poizoni wake. Ataimirira kuthokoza anthu, anatchula dzina langa. "A Mbewe awa ataya ntchito chifukwa cha mwana wanga. Anaba pepala kwa bwana wawo kuti adokotala adziwe choona. M'bale weniweni ndi ameneyu." Anthu anang'ung'udza movomereza. Azimayi ankabwera kudzandigwira dzanja atagwada. Ndinalandira manja onsewo. Masabata otsatira mpingo unkandibweretsera ufa ndi ndiwo poti ndinali pa ulova, ndipo a Nkhoma, anthu oferedwa, ananditumizira bulangete. Ndinkadya chakudyacho, ndinkafunda bulangetelo, ndipo ndinaonda kuposa nthawi ya mankhwala a m'mashedi.

A Nachisale sanathenso kugwira ntchito pa nyumba ija. Zenera la khitchini linkayang'ana kumapeto kwa gadeni. Mu Disembala anaganiza zobwerera ku Mchinji, ndipo ine ndinawaperekeza kukakwera tekisi ya ku tauni kumene kunali basi ya kumudzi. Unali m'mawa wotentha, anthu ali piringupiringu ndi katundu wa Khirisimasi. A Nachisale atalowa n'kukhala pampando, ine ndi a Nkhoma tinatsala panja tikumanga zikwama pa ngolo ya kumbuyo. Ndinadziwa kuti akakwera sindidzawaonanso, ndipo ndidzakhala m'bale weniweni mpaka kufa.

"A Nkhoma," ndinatero, "mzungu uja sanabwererenso. Ndinathira ndine. Munali kumpopi."

Manja awo anaima pa chingwe. Sanatembenuke.

"Ndinathira pang'ono, kuti fungo limveke. Ndinkaganiza kuti sizifika pansi. Ndipo Lolemba lija pa foni ndinakunamizani."

Kondakitala ankakuwa kuti malo atsala amodzi. A Nkhoma anamaliza kumanga mfundo yawo, anaikoka kawiri kuona ngati yalimba, kenaka anandiyang'ana. Ndinali nditakonzeka kumenyedwa, ndipo kunena zoona ndinkakufuna. Koma anafunsa ndi mawu awo a masiku onse, apang'onopang'ono aja.

"Kaphukusi kaja ndinakupatsani kutchalitchi, munadya?"

"Ayi."

"Ngakhale imodzi?"

"Ngakhale imodzi."

"Mwana wanga akudya, inu mukuona."

Anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wauzidwa njira. Anasuzumira m'tekisi kumene kunali akazi awo, n'kubwezanso maso kwa ine.

"Mayi akewa asadzamve zimenezi," anatero. "Akudana ndi mzungu amene sadzamuonanso, ndipo zikuwathandiza kugona. Muwatsanzike bwinobwino."

Ndinapita pazenera. A Nachisale anatulutsa dzanja, anandigwira, nati Mulungu andidalitse chifukwa cha zonse ndinawachitira, ndipo ndikadzabwera kumudzi ndisadzalephere kufika ku Mchinji. Ndinati zikomo amayi, muyende bwino. A Nkhoma analowa, anakhala pafupi nawo, n'kukoka chitseko okha.